Manchester United: mafunso amene masapota timakanganirana gemu ikatha

Ndinayamba kuchemerera Manchester United ndili mwana, tikulipira makobidi pakhomo la vidiyo n'kukapanikizana pa benchi kuti tione mpira. Masiku ano wosewetsa akangoimba wezulo yomaliza, mkangano ndiye umayamba. Wina akuti osewera ndi aulesi, wina akuti kochi apakire, wina akuti tisiye ana a eni, vuto lili kwa eni timu. Mafunso ake ndi omwewo chaka ndi chaka, choncho ndawasonkhanitsa pano, kuyambira apafupi mpaka ofunika kukhalira pansi. Ndalama zonse ndi mapaundi a ku Britain, kupatula pamene ndatchula madola.

1. Kodi zinthu zaipadi, kapena tinangozolowera kupambana?

Zaipadi. Chikho cha Premier League chinafika komaliza ku Old Trafford mu 2013. Mu sizoni ya 2023/24 timu inathera pa nambala 8, ndipo ambiri tinkayesa kuti pamenepo ndiye pansi penipeni. Sizoni ya 2024/25 inathera pa nambala 15 ndi mapointi 42. Inapambana magemu 11, kufanana mphamvu 9, kugonja 18, n'kumwetsa zigoli 44 zokha m'magemu 38. Chitulukire mu ligi yaikulu mu 1974, United inali isanatsikepo chonchi.

Chiyembekezo chinatsalira pa Europa League, koma pa 21 Meyi 2025 ku Bilbao tinagonja 1-0 kwa Tottenham, timu imene mu ligi inathera pa nambala 17. Mu Ogasiti chaka chomwecho Grimsby Town, ya mu ligi yachinayi ku England, inatitulutsa mu League Cup pa mapenate. Kumbukiraninso 7-0 ya ku Anfield mu Malichi 2023, ndi Liverpool kutipeza pa zikho 20 za ligi mu 2025, nambala imene tinkanyadira tokha. Amene akudandaula sakukokomeza ayi.

2. Ndiye kuti vuto linayamba Sir Alex Ferguson atachoka?

Linaonekera atachoka, koma chilonda chinali chitayamba kale. Ferguson anaphunzitsa timuyi kuyambira Novembala 1986 mpaka Meyi 2013 ndipo anatenga ligi maulendo 13. Asanu mwa maulendo amenewa (2007, 2008, 2009, 2011 ndi 2013) anabwera timu ili kale m'manja mwa banja la Glazer, komanso Champions League ya 2008. N'chifukwa chake ena amati a Glazer sangakhale vuto. Koma taonani zimene zinachitika mu 2009. Cristiano Ronaldo anagulitsidwa ku Real Madrid pa 80 miliyoni, Carlos Tevez anapita ku Manchester City, ndipo amene anabwera anali Antonio Valencia, Gabriel Obertan ndi Michael Owen amene analowa waulere. Ferguson ankatha kupambana ndi osewera amene kochi wina sakanapita nawo patali, ndipo luso lake linaphimba zambiri.

China chimene anthu amaiwala n'chakuti David Gill, mkulu woyendetsa timu amene ankagwirizana ndi Ferguson pogula osewera, anachokanso chaka chomwecho. Mizati iwiri inazulidwa nthawi imodzi, ndipo panalibe amene anakonzeratu chochirikiza denga.

3. Kodi a Glazer ndi ndani, ndipo timu anaigula bwanji?

Ndi banja la ku America. Bambo awo, Malcolm Glazer, anali mwini wa Tampa Bay Buccaneers, timu ya mpira wa ku America. Anagula United mu 2005 pa ndalama pafupifupi 790 miliyoni, ndipo atamwalira mu 2014 masheya anatsalira ana ake asanu ndi mmodzi. Odziwika kwambiri ndi Joel ndi Avram, amene ndi apampando a timu.

Chowawa ndi kagulidwe kake. Ndalama zoposa 500 miliyoni zinali zokongola, ndipo gawo lalikulu la ngongoleyo linakhomeredwa pa timu yomweyo. Tiyerekeze munthu akufuna chigayo cha pamudzi panu chimene chikuyenda bwino ndipo chilibe ngongole kwa aliyense. Apita kubanki, akongola ndalama, chikole chake n'kukhala chigayo chomwecho. Akachigula, ndalama zimene amayi akulipira pogayitsa ndizo zikubweza ngongole yake, pamene lamba akutha, injini ikufuka utsi, malata akudontha. Mwini watsopano sanatulutse zambiri m'thumba mwake, koma chigayo ndi chake. Izi ndi zimene zinachitika ku United, timu imene isanafike 2005 inalibe ngongole. Malamulo a nthawi imeneyo ankalola.

4. Zaka zonsezi ngongoleyo sinathebe?

Sinathe. Imangosinthidwa maonekedwe, kukongola kwina n'kubweza kwina, ndipo pofika mu 2025 thunthu lake linali likadali pafupifupi madola 650 miliyoni. Chimene timu yakhala ikulipira ndi chiwongola dzanja. Mukaphatikiza chiwongola dzanjacho, zolipira mabanki ndi alangizi, ndi phindu logawidwa kwa eni masheya, ndalama zimene zatuluka m'timu chifukwa cha umwini wa a Glazer zaposa 1 biliyoni. Phindu lokhalo, limene linkagawidwa kuyambira 2016 mpaka 2022, linaposa 150 miliyoni, ndipo gawo lalikulu linapita ku banjali. Panthawiyo United ndiyo yokha mu Premier League imene inkagawira eni ake phindu chaka ndi chaka, ngakhale m'zaka zimene sinatenge chikho chilichonse.

5. Koma a Glazer akhala akugula osewera odula. Mukuwanenerabe chiyani?

Funso limeneli ndi labwino, ndipo amakonda kulifunsa ndi anzathu a Arsenal ndi Chelsea. Zoona, chichokereni Ferguson United yawononga ndalama zoposa 1 biliyoni pamsika wa osewera. Koma ndalamazo sizinachoke m'thumba la a Glazer. Ndi za timu, zochokera ku matikiti, ku ma TV ndi kwa makampani othandiza monga Adidas, amene mgwirizano wawo wa zaka 10 umene anasainira mu 2023 ndi wa 900 miliyoni. Timu imadzidyetsa yokha, n'kudyetsanso ngongole imene ndafotokoza pa funso 3 ndi 4.

Mlandu wawo waukulu kwa ine ndi wa anthu amene anawapatsa udindo wogwiritsa ntchito ndalamazo. Amene analowa m'malo mwa Gill ndi Ed Woodward, munthu wa zamabanki amene anathandiza a Glazer kugula timu mu 2005. Pokopa makampani othandiza anali katswiri, ndipo ndalama zolowa zinakwera kwambiri. Koma kudziwa wosewera woyenera timu ndi ntchito ina. Pamene Manchester City ndi Liverpool anali ndi akadaulo oona za mpira amene amakonza dongosolo la zaka zambiri, United inasankha mkulu woona za mpira koyamba mu Malichi 2021, John Murtough, patapita zaka pafupifupi 8 Ferguson atachoka. Zaka zonsezo kunja kunkawala, mayina a makampani ali mbwee pa zikwangwani, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

6. Ndi kugula kuti kumene kunalakwika kwambiri?

Aliyense ali ndi dzina lake limene limamupweteka. Ángel Di María anabwera mu 2014 pa 59.7 miliyoni n'kuchoka patatha chaka chimodzi. Paul Pogba anachoka waulere mu 2012 kupita ku Juventus, tinamugulanso mu 2016 pa 89 miliyoni, mtengo umene panthawiyo unali woposa wina uliwonse padziko, ndipo mu 2022 anabwereranso ku Juventus waulere. Alexis Sánchez anamwetsa zigoli 5 m'magemu 45 akulandira malipiro oposa aliyense m'timu. Jadon Sancho anadya 73 miliyoni mu 2021, anasemphana ndi kochi mu 2023, kenako n'kumangoyenda pangongole. Antony anachokera ku Ajax mu 2022 pa ndalama zoposa 80 miliyoni, ndipo pomugulitsa ku Real Betis mu 2025 sitinapeze ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalamazo.

Mukayang'ana mayina amenewa palibe ulusi wowalumikiza. Wina anagulidwa chifukwa cha dzina, wina chifukwa City inkamufuna, wina chifukwa kochi ankamudziwa, wina chifukwa sizoni yayamba moipa ndipo msika watsala masiku ochepa kutsekedwa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndipo wosewera wopatsidwa malipiro okwera kwambiri sagulitsika, chifukwa matimu ena sangakwanitse kumulipira chimodzimodzi. Amakhala pabenchi kudikira kuti kontrakiti ithe.

7. Mukutanthauza kuti osewera alibe mlandu?

Ali nawo. Pali magemu amene sitinagonje chifukwa cha ngongole kapena denga lodontha. Mu Ogasiti 2022 Brentford inatimwetsa zigoli zinayi chigawo choyamba chisanathe, ndipo osewera ake anathamanga makilomita 13.8 kuposa athu, mpaka kochi Erik ten Hag anawaitana tsiku lopuma kuti akathamange mtunda womwewo. Ku Anfield pa 7-0, zigoli zisanu ndi chimodzi zinalowa m'chigawo chachiwiri anthu atagwa mphwayi tonse tikuona. Munthu wovala jezi imeneyi angalephere luso, koma kusiya kuthamangira mpira sikukhululukika.

Komabe tisawaike m'thumba limodzi. Bruno Fernandes, chibwerereni mu Januwale 2020, wasenza timuyi pamsana, saphonyaphonya magemu, ndipo mu 2025 anakana ndalama zambiri za Al-Hilal ya ku Saudi Arabia kuti akhalebe. Harry Maguire sanadziikire yekha mtengo wa 80 miliyoni. Ananyozedwa mopitirira muyeso, analandidwa ukaputeni mu 2023, sanayankhe mwano, ndipo mu Epulo 2025 ndiye anamwetsa chigoli cha mutu chimene chinatulutsa Lyon pa 5-4. Za Marcus Rashford mtima wanga umagawanika. Mwana wa ku Manchester komweko, anamwetsa 30 mu 2022/23, sizoni yotsatira 8 zokha. Pali mbali yake, koma anasinthanso makochi ambiri asanafike zaka 28, aliyense akumuuza zosiyana.

8. N'chifukwa chiyani osewera akachoka ku United amakachita bwino?

Si onse, koma alipo okwanira kuti tidzifunse. Scott McTominay anagulitsidwa ku Napoli mu Ogasiti 2024, anatenga ligi ya Serie A sizoni yomweyo n'kusankhidwa wosewera wopambana onse mu ligiyo. Antony atangofika ku Betis anayamba kumwetsa ndipo anafika nayo mu ndime yomaliza ya Conference League. Anthony Elanga anapita ku Nottingham Forest pa 15 miliyoni mu 2023, ndipo patatha zaka ziwiri Newcastle inamugula pa ndalama zoposa 50 miliyoni.

Zifukwa ndikuziona ziwiri. Choyamba, kumene apitako amapeza timu imene ikudziwa kale mpira umene ikufuna kusewera, ndipo wosewera amapatsidwa ntchito imodzi yomveka. Ku Napoli kochi Antonio Conte anamuika McTominay pafupi ndi golo, pamene kwathu kwa zaka zambiri ankamugwiritsa ntchito yotchinga pakati. Chachiwiri ndi kulemera kwa jezi. Ku United ukaphonya mpira umodzi Loweruka, dziko lonse likukamba za iwe mpaka Lachisanu. Tivomerezenso kuti Premier League ndi yothamanga ndi yamphamvu kuposa maligi enawa, choncho si aliyense wowala ku Spain kapena ku Italy amene akanawala akanakhala.

9. Nanga makochi onsewa anali oipa?

Sizingatheke. Louis van Gaal ndi José Mourinho anafika atatenga kale Champions League kwina. Van Gaal anatipatsa FA Cup mu 2016 n'kuchotsedwa patangopita masiku awiri. Mourinho anatenga League Cup ndi Europa League mu 2017, n'kuthera pa nambala 2 ndi mapointi 81 mu 2018. Ole Gunnar Solskjær anatheranso pa nambala 2 mu 2021. Ten Hag anatenga League Cup mu 2023 ndi FA Cup mu 2024, atagonjetsa City 2-1. David Moyes anapatsidwa kontrakiti ya zaka 6 n'kuchotsedwa patatha miyezi 10, koma pambuyo pake anakatenga chikho cha ku Ulaya ndi West Ham.

Aliyense anali ndi zolakwa zake, ndipo ena inafikadi nthawi yoti achoke. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma taonani mmene amasankhidwira. Van Gaal ndi wa mpira wosunga ndi kupatsirana modekha, Mourinho ndi wotchinga n'kubaya, Solskjær ndi wothamangitsa anyamata kutsogolo, Ralf Rangnick ndi wopanikiza mdani kwawo komwe. Kochi aliyense amagulirako osewera ake, akachotsedwa, wotsatira amapeza anthu osagwirizana ndi mpira wake, n'kuyambiranso kugula. Ten Hag yekha anabweretsa Lisandro Martínez, Antony, André Onana, Matthijs de Ligt ndi Noussair Mazraoui, onsewa anawaphunzitsapo ku Ajax. Timu yokhala ndi akadaulo ake siilola kuti kochi akhale yekha wosankha. Rangnick ananena poyera mu 2022 kuti timuyi ikufunika opaleshoni ya mtima. Anayenera kukhalabe mlangizi kwa zaka ziwiri, koma sizinachitike ndipo anapita kukaphunzitsa timu ya dziko la Austria.

10. Kodi Ruben Amorim analakwitsa kuumirira kaseweredwe ka 3-4-3?

Apa masapota tinagawanika kwambiri. Amorim anabwera mu Novembala 2024 atatenga ligi ya ku Portugal kawiri ndi Sporting pogwiritsa ntchito otchinga kumbuyo atatu ndi anyamata awiri othamanga m'mbali kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo. Anapeza timu yogulidwira otchinga anayi, yopanda anthu a m'mbali otere, ndipo apakati awiri ankatsala okha pabwalo lalikulu. Iye mwini ananena kuti ankafuna kubwera sizoni ikatha, koma anauzidwa kuti ndi pompano kapena ayi.

Ine ndikuona kuti kochi wanzeru amayang'ana ufa umene uli m'nyumba asanatereke madzi, ndipo Amorim akanatha kupindako pang'ono m'miyezi yoyamba ija. Koma amene anamulemba ntchito ankadziwa bwino lomwe mpira wake. Kumutenga pakati pa sizoni, miyezi yochepa atawononga ndalama zambiri kugulira kochi wina, ndi matenda omwe aja a pa funso 9, kungoti tsopano pansi pa mabwana atsopano.

11. Sir Jim Ratcliffe ndi ndani, ndipo timu ndi yake tsopano?

Si yake. Ratcliffe ndi mwini wa INEOS, kampani yaikulu ya mankhwala a m'mafakitale, ndipo anabadwira ku Failsworth, kufupi ndi Manchester. Mgwirizano wake unalengezedwa pa 24 Disembala 2023 ndipo unamalizidwa mu Febuluwale 2024. Anayamba ndi masheya 27.7 pa 100 alionse, kenako anakwera kufika pafupifupi 29 ataonjezera ndalama. Analonjeza kuika madola 300 miliyoni m'timu, ndipo anapatsidwa mphamvu zoyendetsa mbali ya mpira. A Glazer akadali eni aakulu. Panthawi ya mgwirizanowu INEOS inalinso ndi Nice ya ku France ndi Lausanne ya ku Switzerland.

12. Ndiye wakonzapo chiyani?

Zabwino zilipo. Analemba ntchito anthu a mpira, monga Omar Berrada wochokera ku Manchester City ndi Jason Wilcox. Malo ochitira masewero olimbitsa thupi ku Carrington, amene Ronaldo anadandaula mu 2022 kuti sanasinthe chichokereni iye, anakonzedwa ndi 50 miliyoni. Ndi munthu woyamba mwa eni masheya aakulu kuika ndalama zake m'timu chiyambire 2005.

Koma zolakwa zake n'zazikulu, ndipo sitiyenera kumuikira kumbuyo chifukwa choti si Glazer. Anawonjezera kontrakiti ya Ten Hag mu Julayi 2024, anamugulira osewera, n'kumuchotsa mu Okutobala. Dan Ashworth, mkulu woona za mpira, anamulimbirana ndi Newcastle kwa miyezi, anafika mu Julayi 2024, n'kuchoka mu Disembala patatha miyezi isanu. Kulipira anthu awiriwa pamodzi ndi othandizira a Ten Hag kunadya 14.5 miliyoni. Nthawi yomweyo antchito wamba pafupifupi 250 anachotsedwa mu 2024, n'kulengezanso kuti ena ofika 200 achotsedwa mu 2025. Matikiti otsala a sizoni ya 2024/25 anakwezedwa kufika pa mapaundi 66, osachotserako ana kapena okalamba. Izi zimandiwawa kuposa kugonja kwa pabwalo. Wolakwitsa ali mu ofesi yapamwamba, koma wotaya ntchito ndi wa kukhitchini ndi wogulitsa matikiti, anthu amene ena agwira ntchito pamenepo zaka makumi.

13. Bwanji sanagulitse timu yonse kwa Sheikh Jassim wa ku Qatar?

Mu Novembala 2022 a Glazer analengeza kuti akuganizira zogulitsa. Sheikh Jassim bin Hamad Al Thani ankafuna kugula timu yonse n'kuthetsa ngongole, koma sanagwirizane pa mtengo ndipo anasiya mu Okutobala 2023. Ratcliffe anapereka chimene banjali linkafuna: ndalama zambiri pa gawo lochepa, iwo n'kukhalabe eni ake, pamene wina akulandira miyala ya masapota.

Ambiri kuno ankafuna Qatar poona zimene ndalama za ku Abu Dhabi zachita ku City. Ndimawamvetsa. Koma United siinasowepo ndalama zogulira osewera, monga ndanenera pa funso 5. Imene ikufunika ndi timu yopanda ngongole ya munthu wina, yoyendetsedwa ndi odziwa ntchito.

14. Timu yolemera chonchi ingati bwanji ilibe ndalama, mpaka kugulitsa ana ake?

Kulowa kwa ndalama n'kosiyana ndi kutsala kwa ndalama. M'chaka cha 2023/24 United inalowetsa 661.8 miliyoni koma inathera pa kuluza 113.2 miliyoni. Malipiro a osewera, chiwongola dzanja ndi ndalama zolipira makochi ochotsedwa zimadya zonse. Osewera ambiri amagulidwanso molipira pang'onopang'ono, ndipo Ratcliffe ananena mu Malichi 2025 kuti timu inali ikulipirabe Antony, Sancho, Casemiro, Onana ndi Rasmus Højlund.

Pamwamba pa izi panali lamulo la Premier League lotchedwa PSR, limene silinkalola timu kuluza zoposa 105 miliyoni m'zaka zitatu, kupatula ndalama zina monga zomangira ndi zosulira achinyamata. Everton ndi Nottingham Forest analandidwa mapointi mu 2023/24 chifukwa cha lamulo limeneli. Tsono mawerengedwe ake ali chonchi. Mukagula wosewera pa 50 miliyoni n'kumupatsa kontrakiti ya zaka zisanu, m'mabuku mumalemba 10 miliyoni chaka chilichonse. Mukamugulitsa patatha zaka ziwiri pa 25 miliyoni, mwaluza, chifukwa m'mabuku akadali wa 30 miliyoni. Koma mwana wokulira m'timu sanagulidwe, choncho ndalama yonse yomugulitsira imalembedwa ngati phindu tsiku lomwelo. N'chifukwa chake McTominay anagulitsika mosavuta kuposa ogulidwa modula aja, ndipo Alejandro Garnacho, amene anabwera ali ndi zaka 16, anapita ku Chelsea pa 40 miliyoni.

Kwa timu ina izi zingakhale malonda chabe. Kwa United zikukhudza mtima wake weniweni. Kuyambira Okutobala 1937, pa gemu iliyonse pamakhala mwana wosulidwa ndi timu yomweyi pa mndandanda wa osewera. Ndi ana otere amene kochi Matt Busby anamangira timu, ena n'kufera pa ngozi ya ndege ku Munich pa 6 Febuluwale 1958, ndipo ndi ana otere, Giggs, Scholes, Beckham, Butt ndi ana a Neville, amene anatenga zikho zitatu mu 1999.

15. Nkhani ya denga lodontha ku Old Trafford ndi yoona?

Ndi yoona. Mu Meyi 2024, pa gemu ya Arsenal, madzi a mvula ankatsika kuchokera padenga ngati mathithi, dziko lonse likuonera. Bwaloli linatsegulidwa mu 1910, limalowa anthu pafupifupi 74,000, ndipo chikulitsireni mu 2006 silinakonzedwe mokwanira, pamene Arsenal, Tottenham ndi Everton amanga atsopano. Silinasankhidwe n'komwe kuti lidzachititse magemu a Euro 2028, koma bwalo la City linasankhidwa. Mu Malichi 2025 timu inaonetsa mapulani a bwalo latsopano la anthu 100,000 pafupi ndi lakale, la ndalama pafupifupi 2 biliyoni. Chimene ndikuopa n'chakuti lingadzamangidwe ndi ngongole ina pamwamba pa yakale.

16. Masikafu obiriwira ndi achikasu aja amatanthauza chiyani, ndipo zionetsero zathandizapo?

Timuyi inayamba mu 1878 ndi dzina loti Newton Heath, ya anthu ogwira ntchito za njanji, ndipo inakhala Manchester United mu 1902. Mitundu yobiriwira ndi yachikasu imakumbutsa chiyambi chimenecho. Masapota anayamba kuivala mwaunyinji mu 2010 pokana a Glazer, ndipo David Beckham anakoleka sikafu yotere m'khosi atabwera ku Old Trafford ndi AC Milan chaka chomwecho. Ena anachoka kale mu 2005 n'kuyambitsa timu yawo, FC United of Manchester, imene eni ake ndi masapota.

Zionetsero zinabala chipatso chooneka mu Epulo 2021. Matimu 12 analengeza European Super League, mpikisano wawowawo wa matimu akuluakulu a ku Ulaya, Joel Glazer ali mmodzi wa atsogoleri ake, ndipo mkwiyo wa masapota a matimu onse a ku England unaigwetsa m'masiku awiri okha. Pa 2 Meyi masapota a United analowa m'bwalo mpaka gemu ya Liverpool inalephereka. Woodward analengeza zochoka sabata imene Super League inagwa. Koma banja lija silinasunthe.

17. Nanga palibe njira yowachotsera?

Yowakakamiza palibe. Kuyambira 2012 masheya ena a United amagulitsidwa pamsika wa New York, koma alipo a mitundu iwiri. A Class A, amene aliyense angagule, ali ndi voti imodzi. A Class B ali ndi mavoti khumi, ndipo ambiri ali m'manja mwa a Glazer. Choncho ngakhale atagulitsako kwa Ratcliffe, banjali likadali ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mavoti onse. Ku Germany kuli lamulo la 50+1 limene limasiya mavoti ambiri m'manja mwa mamembala a timu, koma ku England kulibe. Mu 2025 nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa bungwe loima palokha loyang'anira matimu a mpira, koma silinabwere kudzalanda timu kwa munthu chifukwa ikugonja. Adzachoka tsiku limene wina adzawapatse mtengo umene akufuna.

18. Ife tili ku Malawi, sitinafikepo ku Old Trafford. Nkhani ya eni timu ikutikhudza bwanji?

Ikutikhudza chifukwa ndalama zathu zilimo. Masiku ano Premier League imapeza zambiri kuchokera ku ma TV a mayiko akunja kuposa a ku Britain komweko. Amene amalipira DStv mwezi ndi mwezi, ndi mnyamata amene amapereka ndalama pakhomo la vidiyo ku Ndirande kapena ku Mchesi, ali mu mtsinje womwewo umene umakathera ku Manchester, ndipo gawo lake limakalipira chiwongola dzanja cha ngongole ya 2005. Makampani othandiza aja amalipira zambiri chifukwa amauzidwa kuti timuyi ili ndi masapota mamiliyoni ku Africa ndi ku Asia, ndiye kuti ife.

Funso lakuti timu ndi ya ndani si lachilendonso kwathu. Bullets ndi Wanderers, amene kale ankayendetsedwa ndi makomiti osankhidwa, tsopano ndi makampani. Ndalama za anthu a bizinesi zathandiza, osewera akulandira malipiro mokhazikika kuposa kale, ndipo sindikunena kuti zimene zinachitika ku Manchester zikuchitika kuno. Koma tsiku limene munthu adzabwere kudzagula timu yanu, musangofunsa kuti agula osewera angati. Mufunse kuti ndalama akugulirazo ndi zake kapena zokongola, ngati ndi zokongola chikole chake n'chiyani, ndani adzasankha kochi ndi osewera, ndipo masapota adzakhala ndi mpando pati pamene zinthu zikugamulidwa.